Pambali pa Amayi Awo

Ndinanyamuka ku Kawale Lachiwiri m'mawa, sikisi koloko isanakwane, nditanyamula kachikwama ka zosinthira, shuga mapaketi awiri ndi kalata. Kalatayo analemba ndi abambo anga, amene anthu amawadziwa kuti Ambuye Bishopu opuma a mpingo wa Angilikani. Ine ndine mwana wawo woyamba, Agnesi, namwino wopuma, wa mtima wapachala malinga ndi kunena kwa abale anga. Adokotala anali atatiuza kale kuti impso za abambo zatopa, tingowatengera kunyumba tizikawasamalira. Akuluakulu a mpingo nawo anali atasonyeza malo pafupi ndi tchalitchi chachikulu, pamene anagona mabishopu anzawo. Koma abambo anakana. Ankafuna akadzamwalira akagone kumudzi kwawo, kuseri kwa Mtakataka, pambali pa amayi awo. Ndiye anatuma ine kuti ndikapemphe malowo.

"Ukapereke kalatayi kwa mlongo wanga," anatero ali chigonere, mawu akutuluka movutikira.

"Adadi, foni ilipo. Bwanji osangowaimbira azakhaliwo?"

"Malo ogona sapempha pafoni."

Ndinatuluka ndikung'ung'udza. Kumudziko ndinali nditapitako katatu kokha moyo wanga wonse, ndipo si kwathu. Kwathu ndi ku Nkhotakota, kwa amayi anga malemu. Tsono ine mwana wa kwa eni ndikaime pabwalo la anthu n'kumapempha manda a munthu amene akupumabe? Manyazi anayamba kundigwira ndisanafike ndi kudepoti komwe.

Minibasi ya ku Dedza inali ndi anthu anayi okha, koma kondakitala analumbira kuti ikunyamuka pompano. Pompano wakeyo anatha ola ndi theka. Ndinalipira teni sauzande n'kukhala pawindo, pafupi ndi mayi wina wonenepa bwino amene anapanikiza madengu opanda kanthu pamiyendo, akupita kukaoda kachewere. Titadutsa pa Nathenje anandiyang'ana kumaso, nayang'ananso chitenje changa.

"Pepanitu amayi, ndi zovuta kodi?"

"Ayi, sizinachitike," ndinayankha osaganiza. "Ndikungokakonzeratu malo."

Mayiyo anasendera kumbali mpaka dengu limodzi linagwera mnzake wakutsogolo. Sanandilankhulenso mpaka ku Dedza, ndipo sindinamudandaule.

Chitenjecho ndichifotokoze. Chinali cha pa mwambo wotsanzikana ndi abambo pamene ankapuma pa ubishopu, chofiirira, chokhala ndi nkhope yawo atavala chisoti chosongoka chija. Ndinachivala dala kuti kumudziko akandizindikire msanga. Vuto la zitenje zoterezi n'lakuti ngakhale umange bwanji, nkhope imathera kumbuyo, ndiye ulendo wonse ndinali nditawakhalira abambo anga.

Ku Dedza tinafika cha m'ma naini, kukuzizira ngati si Okutobala. Ndinagula chipisi pachiwaya n'kudya choimirira. Mng'ono wanga amene anatsala ndi wodwala anandiimbira kuti abambo amwa masupuni awiri okha a phala, kenako afunsa ngati ndafika. Chipisicho chinandikanika, ndinachisiya.

Pa Masasa, pamene msewu wa ku Golomoti umapatukira, ndinakwera kagalimoto ka anthu asanu ndi awiri. Tinalowamo khumi ndi mmodzi, kuphatikiza matumba a kabichi kudenga, aliyense atalipira seveni sauzande. Ine anandithina ndi mkulu wina wa jekete lakutha m'khosi, amene ankati akuchokera kwa mwana wake ku Lizulu. Nditadzuka pang'ono kuti ndikonze chitenje, mkuluyo anaona nkhope ija.

"Aa! Awa si Abambo athu awa? Mumawadziwa?"

"Pang'ono," ndinatero.

"Ine ndimawadziwa asanakhale bishopu, akali wansembe wa panjinga yakapalasa. Nthawi imeneyo ndinkakhala kunyanja, ndikuwedza. Mkazi wanga woyamba atamwalira kunagwa chimvula, mtsinje unadzaza, tonse tinati wansembe safika. Madzulo tinangoona munthu akutuluka m'madzi, njinga paphewa, mkanjo atamanga kumutu. Anagona nafe pasiwa, pansi penipeni, pamkeka umodzi ndi ife. M'mawa anatenga khasu n'kukathandiza adzukulu. Wansembe kugwira khasu kumanda! Anthu aja, amayi, kumwamba akalowa ndi nsapato zomwe."

Ndinangogwedeza mutu. Nkhani zotere ndazimva zambiri, ndipo zonse n'zoona. Abambo anayamba ndi uphunzitsi, kenako anapita kusukulu ya unsembe. Anatumikira m'maparishi a m'mbali mwa nyanja kumene anzawo ankakana kupita chifukwa cha udzudzu, anamanga matchalitchi ndi njerwa zoumba okha, anakhala mkulu wa ansembe a chigawo, mpaka tsiku lina anawaveka mphete ndi kuwapatsa ndodo. Aliyense ankawatchula kuti Abambo, moti ife ana awo enieni tinkachita kulimbirana ndi parishi yonse. Ndikunena mosabisa, ndinakula ndikuwanyadira ndiponso ndikuwakwiyira. Tsiku limene ndinabereka mwana wanga woyamba iwo anali kokasanjika manja ana a eni.

Galimoto inayamba kutsika Khwekhwerere. Amene sanadutsepo msewu umenewu asamanene kuti amapemphera. Umakhota ngati sufuna kukafika, kumanja phiri, kumanzere phompho, ndipo mabuleki athu anayamba kununkha tisanafike ndi pakati pomwe. Dalaivala ankayendetsa ndi dzanja limodzi, lina likuloza kumene kunagwera lole ya mchere. M'mbali mwa msewu munali timisasa ta anthu ogulitsa timagalimoto ndi tinjinga tosema. Mkulu wa jekete uja anayamba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, ndipo ngakhale mayi wachisilamu amene anali kutsogolo sanamuletse. Pamene tinkafika kuchigwa, juzi yanga inali m'chikwama, thukuta lili kamukamu.

Pa Golomoti tinafika nthawi itakwana thwelofu. Dzuwa la kumeneko silicheza ndi munthu. Ndinagula madzi a m'kapepala ndi malambe, n'kukhala pakhonde la golosale kudikira minibasi ya ku Salima. Apa m'pamene ndinayamba kukonza mawu okakangana nawo. Ndinkadziwa kuti kumidzi munthu wosapezeka pamaliro a anzake, adzukulu amamukanira kukumba, kapena amakumba dala mochedwa kuti abale ake amve kuwawa. Abambo anaika maliro a anthu osawerengeka, koma a kumudzi kwawo ankangotumiza uthenga wa chipepeso. Ngakhale a amayi awo enieni anawaphonya, chifukwa anali kunja kwa dziko kumsonkhano wa mabishopu, chaka choyamba cha udindo wawo. Ndinatsimikiza mumtima kuti akangoyerekeza kukana, andimva.

Minibasi inabwera yodzaza kale, koma kondakitala anati malo alipo ambiri. Tinadutsa pa Mua, pomwe anatsika amayi awiri opita kuchipatala, wina atanyamula nkhuku yokaphikira wodwala. Kumanzere mapiri anali mbuu ndi utsi wa moto wolusa, kumanja milambe yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Njanji inkatitsatira m'mbali. Abambo ankatiuza kuti pa njanji imeneyi m'pamene anakwera sitima koyamba kupita kusukulu yogonera konko, opanda nsapato, amayi awo akuthamanga m'mbali kuti awaponyere mbatata yootcha pawindo. Agogowo anawaphunzitsa ndi ndalama za mowa wa masese, koma zimenezi abambo sankazitchula paguwa.

Pa Mtakataka ndinatsika cha m'ma thu, n'kukwera njinga yamoto ya bambo wina wandevu amene anandiuza kuti mudziwo ndi pafupi. Pafupi pakepo tinayenda mphindi makumi anayi, kudutsa m'minda ya mpunga youma gwa, m'migwalangwa, ndi mumtsinje wa mchenga wokhawokha momwe ndinatsika kuti iye akankhe.

"Mukuuona chonchi, ukadzaza umalowa m'nyumba," anatero. "Susankha."

Azakhali a Nambewe, mlongo wa abambo wotsala yekhayo, ndinawapeza pakhonde akupeta mpunga. Anandiyang'ana, nayang'ana chitenje, nayang'ana envulopu imene ndinali nditaitulutsa kale m'chikwama. Lichero linagwa pansi.

"Mayo ine! Achimwene anga ine!"

"Azakhali, ali moyo! Ali moyo, chonde khalani chete!"

Ndinachita kuwatseka pakamwa ndi dzanja, koma amayi atatu oyandikana nawo anali atafika kale pampanda, zitenje akumanga m'njira. Zinatenga nthawi kuti onse akhulupirire n'kubwerera. Azakhali ananditukwana pang'ono chifukwa chofika ndi kalata m'manja ngati wonena maliro, kenako anandipatsa thobwa ndi mkeka.

Iwo sawerenga, ndiye kalatayo ndinawawerengera ndine. Inali yotayipa bwino, yoyamba ndi moni wa mtendere, yotha ndi kamtanda patsogolo pa dzina, monga ankalembera kwa ansembe awo. Pakati pake panali chiganizo chimodzi chokha cha munthu wamba: "Mlongo wanga, ndikufuna ndikagone pambali pa amayi."

Azakhali anayamba kutola timiyala mumpunga umene unatayika uja. Kenako anatuma uthenga kwa a Layisoni, mkulu wa adzukulu, bambo wa zaka ngati zanga, amene anabwera akununkha usipa chifukwa anali kuthandala koyanikira nsomba. Atamva nkhaniyo anavula chipewa.

"Kukumba tidzakumba, amayi. Ambuyewo ndi mwana wa pano. Mchombo wawo uli pano. Zoti sabwera pamaliro timazidziwa, koma anali pantchito ya Mulungu, ife sitingawaweruze."

Mawu onse amene ndinakonza pa Golomoti anasowa ntchito. Mtima unakhala pansi koyamba tsiku limenelo, mpaka ndinaseka.

"Zikomo kwambiri abambo. Ndiye ndikawauze kuti pambali pa amayi awo malo alipo?"

A Layisoni anayang'ana azakhali. Azakhali anayang'ana mumpunga.

"Mugone kaye," anatero azakhali. "Kumanda salowa chilowelowe, tiyambe tapempha kwa amfumu. Mawa mukaone nokha."

M'mawa mwake, dzuwa lisanapse, tinalowa kumandako atatu, a Layisoni patsogolo. Kunali mitengo ikuluikulu ndi ziliza zambiri, zina za matailosi, zina za simenti yokhayokha, dzina atalemba ndi msomali simentiyo isanaume. Ngakhale anthu amene anafa osavalapo nsapato anali ndi pogona podziwika. Ndinkawerenga maina ndikuyembekeza kuona la agogo. Tinadutsa ziliza zonse mpaka tinafika pamalo a mchenga, osalala, opanda mtumbira ngakhale umodzi, aakulu ngati bwalo la ntchemberembaye. A Layisoni anaima.

"Ali apa," anatero.

"Pati?"

Anatambasula dzanja kuchokera ku chitsa china mpaka ku chulu chakutali. "Kuyambira apo mpaka apo. Penapake."

Ndinatembenukira kwa azakhali mwaukali.

"Azakhali, mayi wobala bishopu alibe chiliza? Mudzi wonsewu, ana, zidzukulu, osaika ngakhale njerwa imodzi?"

"Njerwa zinalipo, mwana wa achimwene," anayankha modekha. "Achimwene aang'ono, a Yosefe malemu, anaumba okha, anaotcha okha. Atate anu anafika patatha masabata atatu tiikire maliro, ndi magalimoto atatu. Anaima cha apa, analira kwambiri, mkanjo wonse kunyowa. Kenako anaona njerwa zija ataunjika. Anati, 'Pasapezeke wogwira pano. Amayi anga sagona pansi pa njerwa zootcha. Ndidzabwera ndi mwala wochokera kutauni, ndidzamanga ndekha, ndidzadalitsa ndekha.' Ananena ndodo ija ili m'manja, pamaso pa amfumu ndi anthu onse."

"Ndiye inu munangokhala?"

"Nanga mawu a bishopu ndani akanawalumpha? Munthu woti akakusanjika manja Mzimu umatsika, iwe n'kukamanga pamene iye waletsa? Tinadikira. Tinatumiza uthenga kawiri, anayankha kuti chaka chamawa. Kachitatu tinachita manyazi, tinati tingaoneke ngati tikuwalamula. Njerwa zija a Yosefe anamangira bafa."

A Layisoni anapitiriza pamene azakhali analekezera. Kamtanda ka mtengo kamene anazika pamtumbirapo kanadyedwa ndi chiswe. A Yosefe ankabwera mwakachetechete kudzazika kandodo kena, koma atamwalira iwo panalibenso wochita zimenezo. Kenako madzi osefukira anadutsa kawiri, nasiya mchenga wofika m'mawondo. Ziliza za simenti anazifukula, koma mitumbira ya dothi inapita. Mabanja ena amene anachedwa kumanga anataya awo chimodzimodzi. Amene anakumba manda a agogo anali bambo awo a Layisoni, ndipo nawonso anagona kalekale.

"Ine tsikulo ndinali kumbuyo ndi amayi anzanga, maso atatupa," anatero azakhali. "Ndikanena kuti ndi apa ndinama."

Ndinagwira a Layisoni pamkono, ulemu wonse nditauiwala. "Ndiye mudzangokumba pakati pomwepa. Kulikonse kudzakhala pafupi."

Anapukusa mutu. "Pano sitikumbanso, amayi. Pali anthu oposa khumi pansi apa. Tikhoza kutsitsa khasu n'kutema amayi awo omwewo. Ine zimenezo ayi, ngakhale atandiuza amfumu. Malo alipo kumapeto uko, kumene tikuika masiku ano."

Ndinayang'ana kumene ankalozako. Kunali kutali, kuseri kwa mitengo, kufupi ndi njira ya ng'ombe. Munthu ataima kumeneko sangaone ndi mchenga womwe.

Ndinagwada kuti ndipemphere, koma sindinadziwe koyang'ana. Ndinatembenukira ku chitsa, kenako ku chulu, kenako ndinangolira ngati mwana, ine mayi wa zidzukulu. Ndinalirira agogo amene sindinawadziwe bwino, ndinalirira abambo, ndiponso ndinawakwiyira kuposa kale lonse. Azakhali anandisisita pamsana.

"Ine ndikabwera ndimangolankhula ndi malo onsewa," anatero. "Amva okha amene ali awo."

Pobwerera ndinadzera ku Salima, chifukwa Khwekhwerere kawiri pa sabata imodzi mtima wanga sukanapirira. Azakhali anandipatsira mpunga wa m'kathumba ndi usipa wouma kuti achimwene awo akalaweko, ngakhale ndinawauza kuti sakudya. Za m'njira sindikumbuka zambiri. Ndikudziwa kuti pa Chipoka tinaima nthawi yaitali kudikira munthu amene anapita kukatenga mbuzi, ndiponso kuti pa Kamuzu Rodi ndinasintha minibasi n'kulipira osafunsa ndi mtengo womwe. Njira yonse ndinkasankha bodza labwino. Ndinaganiza zokanena kuti avomera, basi, popeza zimenezo zinali zoona. Munthu wotsala ndi masabata ochepa ungamuuzirenji zina?

Ndinafika ku Kawale cha m'ma folo madzulo. Abambo anali atawakhazika pampando pafupi ndi windo, bulangete m'miyendo, ngakhale kunkatentha. M'masiku awiri okha anali atachepa.

"Wabwera, Agi. Akuti bwanji?"

"Avomera, adadi. Adzukulu akuti adzakumba. Akuti ndinu mwana wa kumeneko."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Munthu amene wamva anthu akuulula machimo zaka makumi asanu sunganame naye ndi theka la choonadi. Ndinayamba kumasula kathumba ka mpunga kuti manja apeze chochita.

"Sakupadziwa, eti?" anafunsa chapansipansi.

Ndinapitiriza kumasula kathumbako.

"Ndinkadziwa," anatero. "Madzi aja atadutsa ndinamva pawailesi, ndinadziwa. Ndinkaopa kufunsa. Chaka chilichonse ndinkati ndikangomaliza ulendo wosanjika manja ndipita, kenako msonkhano wa sinodi, kenako maliro a wansembe wina. Nditapuma nthawi inapezeka, koma nkhope yopita nayo inasowa."

"Bwanji simunangowauza kuti amange ndi njerwa zawo zomwezo?" Ndinafunsa mokalipa, ndipo mpaka lero ndimadandaula kuti ndinakweza mawu.

"Sindinadziwe kuti adzandimvera chotero," anatero. "Ndinkalankhula ngati mwana wolira. Iwo anamva bishopu."

Panja ana ankasewera mpira, wina akuitana mnzake dzina mobwerezabwereza. Ulendowu unandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene sindinachifune: abambo anga anamveredwa moyo wawo wonse, ndipo kumudzi kwawo, kumene ankayenera kutsutsidwa ngati mwana wapakhomo, n'kumene anamveredwa koposa.

"Tenga foni," anatero pomaliza. "Uwaimbire akuluakulu a mpingo. Uwauze kuti malo awo aja ndavomera."

"Adadi, kumudziko malo ena alipo. Kumapeto, koma ndi manda omwewo."

Anapukusa mutu, misozi ikutsikira m'makwinya.

"Ndikagone kumapeto, anthu azidutsa pa amayi osadziwa, akubwera kudzaona chiliza changa? Ayi. Imba." Anapuma movutikira, kenako anawonjezera, "Ine adzandimangira chiliza cha mwala, Agi. Chaka chisanathe adzakhala atamanga."

Ndinatenga foni n'kutuluka nayo pakhonde, kuti asandimve ndikunena.